Mzere Wachisanu ndi Chiwiri

Andipatsa mpaka Lachisanu
kuti fomu ya boma ilankhule Chinyanja.
Dzina, mudzi, tsiku lobadwa,
izi ndinamaliza tiyi asanazizire.
Ndatitimira pa mzere wachisanu ndi chiwiri
pomwe Chingerezi chaimika mawu awiri
ngati mapasa okana kuvala zofanana,
ine m'kamwa mulibe ngakhale limodzi
lokwana pa kampata kameneko.

Kumsonkhano ku Longacres
madzi a m'botolo anatha mkangano usanathe.
Mayi Njobvu, azamba a zaka makumi atatu,
anagogoda tebulo ndi mphete:
"Ine ndimawerenga amayi otaya magazi usiku.
Mukasokoneza bokosi ili
ndidzawawerenga bwanji?
Chiberekero sichibwera kumisonkhano."

Kondwelani Shonga, loya wa jekete lobwereka,
sanakweze mawu.
"Ndili ndi munthu ku Chawama,
chitupa chake chimanena china, galasi china.
Kuchipatala amamuitana mofuula
ndi dzina lomwe analivula kalekale,
benchi yonse n'kutembenuka.
Chaka chatha osakatenga mankhwala.
Ameneyo mumamuwerenga pati?"

Abusa anatsegula buku.
Wa ku unduna anayang'ana wotchi.
Kenaka maso onse kwa ine:
inu a chilankhulo, tiuzeni.

Ndinalemba jenda.
Ndinafufuta.
Liwulo linabwera pa ndege, limagona m'mahotela,
amayi anga ku Katete angaliyese dzina la feteleza.

M'minibasi ya ku Matero
bondo la munthu lili m'nthiti mwanga,
kondakitala akukangana ndi wina za chenji,
ndipo ndikumva liwu lomwe ndakhala ndikulipondaponda:
iye.
Iye walipira. Iye sanalipire.
Iye safunsa za ndevu,
sakweza chitenje cha munthu kuti aone.
Mwana ndi mwana. Mnzanga ndi mnzanga.
Tisauke ndimamutcha mlongo wanga,
nayenso amanditcha mlongo wake,
liwu limodzi, loyang'ana uku ndi uku
malinga ndi pakamwa pomwe latulukira.
Ndipo amene anandilipirira sukulu
bambo atamwalira
tinkawatcha atate aakazi,
palibe anaitanitsa msonkhano.

Ndinatsala pang'ono kukondwa.
Koma ndisanamize anthu, ndimadya za ntchito imeneyi:
lilime lomweli limati mwamuna akwatira,
mkazi akwatiwa,
limadziwa wokumba manda
ndi wogona m'nyumba ya maliro,
limadziwa amene saloledwa kuthira mchere.
Lili ndi mipanda yake,
kungoti silinaimange pomwe Mngelezi anamanga yake.

Tadutsa pa Lumumba, fumbi la Okutobala m'mano.
Ndikuganiza za Mayi Njobvu ndi magolovesi awo,
ndikuganiza za wa ku Chawama
amene sindikumudziwa nkhope,
ndipo ndazindikira kuti nthawi yonseyi
m'mutu mwanga ndakhala ndikumutchula bwinobwino
osalakwitsa, osasankha.
Fomu ndiyo ikufuna ndisankhe.

Kunyumba magetsi apita.
Ndayatsa kandulo, ndayala pepala pa tebulo,
mabokosi awiri akundiyang'ana
ngati mawindo a nyumba yomwe sindinalipire lendi.

Kuseri kwa mpanda galimoto yaima.
A Zyambo abwera kuchokera kuchipatala,
mkazi wawo anapita dzulo ndi matenda aakulu.
Wina wafuula mumdima,
funso lomwe tonse timafunsa tisanafunse china chilichonse:
"Ndi mwana wanji?"

Chete pang'ono.
Chitseko cha galimoto.
Kenaka mawu a munthu amene sanagone:
"Ali moyo.
Onse awiri ali moyo."

"Inde, koma mwana wanji?"

Yankho lamezedwa ndi jenereta ya pa bala.
Kandulo yafika pakati.
Mawa ndi Lachisanu.